Pepala Lati Marisela Wanga Amamva

Mwana wanga Marisela samva. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Koma m'chikwama mwangamu muli pepala losainidwa bwinobwino, lodindidwa karimbo, chidindo cha ofesi chija, lonena kuti makutu ake onse awiri ndi akuthwa kuposa anga. Abale anga a m'gulu lino, ndithandizeni kuseka, chifukwa ine kulira ndatopa nako.

Kwa amene simundidziwa, ndine make Marisela wa ku Ntengo-Wambalame, mlimi wa kachewere. Sindine munthu wa milandu ayi. Ndimakangana ndi ogula pamsika, zikatha timaseka, basi. Koma izi sindingazimeze.

Marisela ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Malungo aakulu anamugwira ali ndi zaka ziwiri. Thupi linachira, makutu n'kutsekeratu. Kuyambira pamenepo timalankhula ndi manja, chinenero chathuchathu chimene tinapanga tokha pakhomo. Bambo ake ndi chipewa. Ine ndine mpango. Iyeyo dzina lake ndi chala pachibwano, pamene pali chipsera chimene anadzicheka ndi khasu akuphunzira kuyenda. Ukagwira chibwano ndiye kuti wamuitana, bola akhale akukuona.

Zaka ziwiri wakhala m'kalasi yoyamba pa shikola ya kwathu, kumangoyang'ana pakamwa pa aphunzitsi pakutseguka n'kutsekeka. Zonse zimene alemba amakopera, zilembo zokongola zedi, osadziwa n'komwe kuti zikuti chiyani. Ndiye alamu anga amene amakhala kufupi ndi Tsangano ananditumira uthenga: pa shikola ina kumeneko kwabwera purofesora, mphunzitsi wodziwa chinenero cha manja, amatenga ana ochepa, ndipo malo atsala amodzi okha. Mwana akhoza kumagona kwa iwo. Ndinathamangira konko. A diretori, mkulu wa shikolayo, anandilandira bwino. Anati malowo andisungira, koma ndibweretse pepala la akatswiri lotsimikiza kuti mwanayo samvadi. Matirikula, kulembetsa kuja, itsekedwa Lachisanu pa 15:30.

Mwayi wake, akatswiriwo amabwera Lolemba la sabata lomwelo. Birigada ya makutu, imene imabwera kamodzi pachaka kuchokera kumzinda. Dzina lawo sindilitchula, akudzidziwa okha. Marisela ndinamulembetsa. Unifolome ndinasoketseratu. Inde, ndinasoketseratu, ndinali ndi chikhulupiriro ngati chitsiru.

Lolemba tinafika kumalo oyesera anawo pa 7:10. Pabwalo panali pomangidwa chingwe kuchokera pa mtengo wa bulugama kukafika pa mpanda. Pa chingwepo panaima mlonda, bambo wamtali wa jekete lalikulu kuposa mwini wake.

"Ana mkati, makolo kunja," anatero.

Ndinati, "Bambo, wangayu samva. Ndikhale naye pafupi."

"Onse samva, mayi. N'chifukwa chake abwera. Kunja."

Ndinafunsa chifukwa chake. Anati chaka chatha makolo ankanong'oneza ana mayankho. Mwamva bwino. Kunong'oneza! Ine ndakhala ndikukuwa zaka zisanu ndi ziwiri mpaka mawu kusasa, kodi ndimangolakwitsa eti? Chimafunika ndi kunong'ona?

Ndinagwada pamaso pa Marisela, ndinamuuza ndi manja: khala apa. Osasuntha. Abwera munthu, adzakugwira dzanja, upite naye. Anagwedeza mutu, nakhala pa mpando wa matabwa, manja pamawondo. Ndinamuuza choncho chifukwa ndinkaganiza kuti anthu oyesa makutu a ana osamva amadziwa kuti anawo samva. Pamenepo ndiye pamene ndinalakwa ine, ndipo ndikuvomera.

Kenako mlonda uja anatembenuza mipando yonse kuti ana atifulatire. Akuti tingamawakodole. Ana anayang'ana khoma lopanda kanthu, ife kuseri kwa chingwe, tikuona misana yawo.

Pa 8:45 zenera la chipinda cha pambali linatseguka. Munthu sanaoneke. Chinangotulukira ndi chimkuzamawu, chija amagwiritsa ntchito pa kampeni, ndipo chinayamba kuitana mayina. Lamulo lake linali lakuti dzina likaitanidwa, mwana ayankhe yekha kuti "perezenti", ndiye kuti ndilipo, n'kulowa. Likaitanidwa katatu osayankha, mawu aja ankati "falitou", wajomba, n'kupita pa dzina lina.

Abale anga, taganizani nane pang'onopang'ono, mwina mutu wanga ndi umene wazungulira. Mwabwera kudzayesa ana osamva. Mwawafulatitsa. Mwathamangitsa makolo awo. Mwabisala m'chipinda, n'kumawaitana ndi mawu. Amene ayankhe ndi ati?

Amene anayankha ndi amene amamva. Wa mafinya m'khutu, wa kambewu kamene kanalowa m'khutu posewera, wina amene amangofuna kuona mkati mwa chipindamo. Amenewa analowa, natuluka ali mwee, atapakidwa mankhwala. Athu aja anali phee, kuyang'ana khoma mwaulemu wonse.

Pafupi ndi ine panaima bambo wina wa ku Chidzolomondo, a Binifasiyo, mlimi wa fodya. Anapalasa njinga masiku awiri atakweza mwana wawo wamkazi, Rita, wa zaka khumi ndi zinayi. Anandiuza motsitsa mawu kuti chino n'chaka chachitatu akubwera.

"Ndiye zaka ziwiri zapitazo anakuuzani chiyani?" ndinafunsa.

"Kuti wajomba. Ali pampando pomwepo, mayi. Koma chaka chino ndakonzeka."

Anandionetsa m'dzanja mwawo. Ulusi womangira fodya. Anali ataumanga pa mwendo wa Rita, n'kuudutsa mu udzu mpaka kuseri kwa chingwe. Dzina la Rita litaitanidwa pa 10:20, anakoka kawiri. Rita anaimirira nji, nakweza dzanja. Ine ndinatsala pang'ono kululutira. Koma ulusi uja unali utakola nsapato ya mlonda. Anauyang'ana, anautsatira pang'onopang'ono ngati munthu wotsata mapazi a mbuzi yosochera, mpaka anafika m'dzanja mwa a Binifasiyo.

"Mwana uyu wabera mayeso," anatero. Anadula ulusi, nabweza Rita pampando. Chimkuzamawu chinati falitou. A Binifasiyo anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anachivalanso.

Pa 11:35 ndinamva: "Marisela Andireya!"

Ndinadumpha. Ndinagwedeza mpango m'mwamba. Ndinagwira chibwano changa mpaka chinawawa, koma mwana anali atandifulatira. "Marisela Andireya!" Ndinakuwa kuti, "Ndi uyo! Wa juzi yobiriwirayo! Mugwireni dzanja!" Mlonda anandikalipira kuti ndikhale chete, madokotala akuyesa makutu, pakufunika bata. "Marisela Andireya!" kachitatu.

Kenako mawu aang'ono, omveka bwino ngati belu, anati: "Perezenti!"

Ndikuuzeni zoona, mtima wanga unaima. Kwa kanthawi kochepa ndinaganiza kuti Mulungu wachita zake pompo pabwalopo. Nditayang'anitsitsa, Marisela anali pomwe paja, manja pamawondo. Amene amalowa m'chipinda anali mtsikana wina wa diresi yachikasu.

Mayi wina wakumbuyo kwanga anandigwira phewa. "Pepani, amwali," anatero, "ameneyo ndi wanga. Maso ndi amene amamuvuta, koma sanalembedwe. Ndinamuuza kuti dzina likaitanidwa katatu popanda woyankha, ndiye kuti lilibe mwini, alitenge. Si m'mene timachitira pogawa mbewu?"

N'zoona, ndi m'mene timachitira. Ine ndemwe ndinayankhirapo dzina la munthu amene anasamukira ku Malawi kalekale, n'kunyamula kathumba ka nyemba. Mayiyo sindinamutukwane. Ndinangomuuza kuti dzinalo lili ndi mwini, ndi uyo wakhala apoyo akuyang'ana khoma.

Ndinayesa kudutsa pansi pa chingwe. Mlonda anandibweza. Ndinayesa kudutsa pamwamba. Anandibwezanso, nati ndikayesanso aitana apolisi. Ndinati, "Bambo, dzina lake mwanayo si limene akukuwalo. Dzina lake ndi ili," n'kugwira chibwano. Anayang'ana pa mndandanda umene anali nawo m'manja, anatsitsa chala kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kunena kuti limenelo palibe.

Pa 15:30 zenera linatsekedwa. Galimoto inalizidwa. Pamipando panatsala ana khumi ndi mmodzi, ndinawawerenga ndekha, onse ali phee chikhalire cha m'mawa, osadya, osamwa. Mwini chimkuzamawu anatuluka tsopano, mnyamata wa tayi, nalengeza kuti ntchito yayenda bwino kwambiri, ana onse amene ayesedwa apezeka kuti amamva. Anadandaula pang'ono kuti makolo a kuno sitisamala, ana ambiri ajomba.

Ndinamugwira mkono wa malaya asanakwere galimoto. Anayang'ana papepala, nati, "Marisela Andireya? Ameneyu wayesedwa, mayi. Mukatenge zotsatira Lachitatu ku Tsangano." Chitseko phwa! Fumbi koboo.

Lachitatu tinakwera mota, njinga yamoto ija, m'mawa, ine ndi Marisela. Tinafika pa ofesi yawo pa 9:20. Pa tebulo panali sinyora wina, mayi wa muofesimo, akusenda mtedza. Anafufuza m'mapepala, anatulutsa limodzi, n'kumwetulira mpaka mano onse kuoneka.

"Parabensi, mayi! Zabwino zonse! Mwana wanu alibe vuto lililonse."

Ndinati, "Mayi, amene munamuyesa si wanga."

"Dzinali ndi lake?"

"Ndi lake."

"Karimbo ilipo?"

"Ilipo."

"Nanga mukufunanso chiyani? Anthu amalira akalandira pepala loipa. Inu mukulira pepala labwino? Thokozani Mulungu, mayi."

Ndinafotokoza zonse, za chingwe, za zenera, za diresi yachikasu. Anandimvetsera akutafuna. Kenako anawerama, nakuwa pamaso pa mwana: "Marisela! Ukundimva?" Marisela anamwetulira, chifukwa maso ake anali pa mtedza.

"Mwaona?" anatero sinyora uja. "Akumwetulira. Wamva."

Mayo ine! Ndinati ndikufuna shefi, bwana wawo. Anati shefi ali pa msonkhano wokambirana za m'mene angathandizire bwino ana olumala. Tinadikira pakhonde. Anatuluka pa 13:05, bambo waulemu wake, wonunkhira sopo. Anatipatsa mipando, sindingamunamizire. Anawerenga pepala lija kawiri.

Anati pepala la birigada lingafafanizidwe ndi birigada yokha. Ndinati chabwino, ibwera liti? Anati chaka chamawa. Ndinati ndiye chaka chamawa amuyesa? Anati ayi, birigada imayesa ana amene sanayesedwepo, ndipo Marisela anayesedwa kale. Ndinati sanayesedwe. Anati ngati sanayesedwe, pepalali lachokera kuti? Ndinati kwa mwana wa eni ake. Anati ngati ndi choncho, mwana wa eni akeyo ndi amene abwere kudzadandaula.



Ataona nkhope yanga anafewa. Anati, "Mayi, musade nkhawa, ife timamvera anthu. Dandaulo lanu talilandira. Koma sitingamve mbali imodzi. Siyani nambala, tidzamuimbira telefoni mwanayo, atiuze yekha."

Telefoni! Amuimbire Marisela telefoni! Ndinalemba nambalayo, abale anga. Ndinalemba ndithu, chifukwa manja anga amafuna chochita, ndipo chinacho chinali kumugwira pakhosi.

Lachinayi ndinapita ndi Marisela kwa a diretori a shikola ija, pepala m'manja. Anawerenga, anavula magalasi, anapukuta kumaso. Anati, "Mayi, ndi pepala ili sindingamulembe. Kalasiyi ndi ya ana osamva. Akuluakulu akabwera kudzaona mabuku, akapeza kuti ndapereka malo kwa mwana womva, ntchito yanga yatha."

Pabwalo pa shikolayo pali mtengo, ndipo pamtengopo anapachika chitsulo cha gudumu la lole, chimene amaimba ngati belu. Ndinatenga Marisela, ndinamuimika pansi pake atachifulatira. Ndinatola chitsulo choimbira. Inali 10:40. Ndinamenya ndi mphamvu zonse zimene ndimakumbira kachewere. Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Shikola yonse inatuluka. Ana mazanamazana kukhamukira pabwalo, akuganiza kuti nthawi yopuma yakwana. Aphunzitsi kutuluka choko chili m'manja, akuyang'ana mawotchi awo. Amayi ogulitsa zitumbuwa kuthamanga ndi madengu. Galu wa kuseri kwa mpanda kuuwa. Makutu anga omwe anali kulira. Marisela anali atawerama, akuonerera nyerere zikukoka phiko la chiwala. Ngakhale kuphethira sanaphethire.

Ndinati, "Bambo diretori, mwaona?"

Anati, "Ndaona ndi maso angawa, mayi. Koma maso anga alibe karimbo."

Sindinawakwiyire. Anali atagwetsa nkhope ngati iwo ndi amene alakwa.

Pakati pa chipwirikiti chija panatulukira mayi wamfupi, wa nsapato zafumbi. Anali purofesora uja. Sanalankhule ndi ine. Anapita kutsogolo kwa Marisela, ananjuta mpaka maso awo analingana, nayamba kuyendetsa manja. Manja ake sanali ngati athu a pakhomo, koma Marisela anatong'ola maso. Purofesora analoza nyerere, napanga kanthu ndi zala. Marisela anatsanzira. Analoza mtengo. Anatsanziranso. Kenako anadziloza yekha n'kugwira khutu lamanzere pamene panali ndolo, ndiye kuti dzina lake ndi limenelo, n'kuloza Marisela ngati akufunsa. Mwana wanga anaika chala pachibwano. Purofesora anagwira chibwano chake nayenso, kumuitana.

Marisela anaseka. Kuseka kwenikweni, kwa mokweza, kosadzimva, kumene sanasekepo pamaso pa munthu wachilendo chibadwire. Kunja kwa nyumba yathu, palibe anamufunsapo dzina. Ine ndinaima poteropo misozi ikungoyenda, ana a eni ake onse akundiona, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Ndiye purofesora anamupatsa dzanja kuti aimirire. Marisela analigwira. Anatembenuka kundiyang'ana, nkhope ili ngwee, n'kundionetsa ndi dzanja linalo: wabwera. Munthu uja munanena uja, wabwera. Marisela anayamba kumukokera purofesora kukalasi.

Ndine ndinachotsa zala zake padzanja limenelo. Chimodzichimodzi. Amagwiranso, ine n'kuchotsanso. Purofesora anayang'ana kumbali. Anandilonjeza kuti alemba kalata kwa akuluakulu, ndipo ndikukhulupirira kuti alembadi, koma kalata imayenda pang'onopang'ono kuposa Lachisanu. Lachisanu linafika, 15:30 inakwana, malo aja anapatsidwa mwana wina amene anali ndi pepala loyenera. Ameneyonso ndi mwana wa munthu, aphunzire bwino.

Tsopano ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho, osati parabensi. Ndani anaganiza zoitana ana osamva ndi chimkuzamawu? Anaphunzira kuti? Pa gulu lonse lija, panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kusuzumira pazenera, n'kudabwa kuti ana ojombawa bwanji akhala pamipando? Ana khumi aja anatsala ndi Marisela, mwawalemba kuti chiyani m'malipoti anu? A Binifasiyo apalase njinga zaka zingati? Mtsikana wa diresi yachikasu uja, maso ake munawaona n'komwe, kapena munangomuyesa makutu n'kumutulutsa? Ndipo pepala labodzali, ndani adzalifafanize, popeza aliyense amene ndamufunsa akuliopa ngati ndi njoka?

Inu makolo anzanga a ku Tsangano ndi ku Makanga, birigada imeneyi ikadzabweranso, musadzachite ulemu ngati ine. Lembani dzina la mwana papepala lalikulu, mumupachike pachifuwa ndi kumsana komwe. Musavomere kuima kuseri kwa chingwe. Akati aitana apolisi, aitane, mwina apolisiwo n'kukhala ndi maso. Ndipo musadzamuuze mwana wanu kuti akhale phee mpaka wina adzamugwire dzanja. Musadzatero.

Chifukwa lero ndi tsiku lachisanu chibwerere. M'mawa uliwonse Marisela amavala unifolome ija yekha, amakakhala pa chitsa cha kuseri kwa khola, amafulatira nyumba, manja pamawondo. Ndikamuitanira chakudya amakana kusuntha. Dzulo ndinakagwada pamaso pake, ndinamufunsa chimene akuchita. Anandiuza ndi manja, akuyang'ana pansi ngati munthu woulula tchimo, kuti Lolemba lija nyerere inamuluma pamwendo, ndipo anasuntha. Kamodzi kokha. Anandifunsa ngati n'chifukwa chake ndinamuchotsa padzanja la mayi uja. Anati tsopano akuphunzira, sadzasunthanso.

Ndinayesa kumufotokozera kuti sanalakwe. Koma m'chinenero chathu cha pakhomo mulibe karimbo, mulibe birigada, mulibe chaka chamawa. Manja anga anangolendewera.

Ndiye bwerani inuyo, a birigada. Kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame, mukafunsa make Marisela aliyense akulozerani. Mumupeza pa chitsa pomwepo, sasuntha. Mutenge chimkuzamawu chanu chija, mudzamuuze nokha kuti sanalakwe. Si mwalemba kuti amamva?